Nthangala ya Peyala Lanu

Amayi anga, kaya kumacha bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Malomo tilipo, tikudzuka. Kungoti ine mtima wanga sunakhale pansi chichokereni Loweruka lapitali. Ndauza Tiyamike, ndauza achimwene a Dayisoni pa foni, onse akungoti, "Zinatha bwino, iwalani." Ine sindikuiwala. Ndiye ndati ndikulembereni inuyo, poti nkhaniyi mwini wake ndinu, komanso chifukwa gawo lina la mkwiyo wangawu ndi lanu. Ee, lanu. Khalani pansi mumve, ndipo ngati mumaonana ndi bambo kumeneko muwaitane amve nawo.

Koma ndiyambe ndi zokoma, pajatu simunkafuna munthu wofika ndi madandaulo asanapereke moni. Mdzukulu wanu Tiyamike anachira masabata atatu apitawo, mwana wamkazi. Tamutcha Enelesi, dzina lanu. Makutu ndi anu enieni, aja oima ngati akumvetsera za kwa aneba, ndipo akamalira amachita kufumbata nkhonya. Chimanga chaka chino tapata, nkhokwe yadzadza mpaka m'khosi. Soya yekha ndiye anatigwiritsa fuwa la moto, mvula inadula ali pamaluwa. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri, koma khalidwe silinasinthe. Sabata yatha inalowa m'dimba la aphunzitsi n'kumaliza bedi lonse la repu, ine n'kukapepesa ngati ndadya ndine. Malo aja tinagula kuseri kwa sukulu, amene inu munangowaona ali tchire, pano pali nyumba ya njerwa zootcha, zipinda zitatu. Khitchini sitinafolere, koma ndi pathu. Palibe kapitawo amene angabwere m'mawa kudzati, "Longedzani, lole ikubwera."

Mchombo wa Enelesi unagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Apongozi ake a Tiyamike anafuna kukaukwirira kudzala monga amachitira kwawo, ine ndinakana, moti tinatsala pang'ono kuyambana mwana asanatuluke n'komwe m'chikuta. Ndinaukulunga m'kansalu n'kuuika m'kachitini kanu ka singano kaja. Ndinkadikira chinthu chimodzi, ndipo mukuchidziwa, chifukwa nkhani yake munandiuza kosawerengeka. Munachoka ku Mulanje pa lole ya matenanti muli ndi pakati pa ine, bambo atalembedwa kukalima fodya pa esiteti ya mzungu m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Agogo anakupatsani peyala limodzi la kamba wa panjira. Munadya, nthangala n'kusunga, mutafika n'kuidzala m'chitini, n'kumaithirira ndi madzi otsukira mbale. Ine nditabadwa m'komboni muja, munakumba pakhomo pa kanyumba kathu, munaika mchombo wanga pansi, kamtengo pamwamba. Munkati, "Ife kuno tilibe munda, tilibe manda, koma mwanayu asadzasowe poloza akadzamufunsa kwawo."

Tinakhala nawo mtengowo zaka khumi ndi ziwiri. Utayamba kubereka, Dona, mkazi wa mzungu wa kunyumba yaikulu, analawa limodzi, basi chaka chilichonse kuki wawo wophika ankabwera ndi dengu kudzathyola oyamba, poti dothi n'lawo. Inu munkagwira makwerero. Tsiku lomwe esiteti inagulitsidwa n'kutikweza pa lole, ena ankalira mbuzi zawo, ena ziwiya, inu munkangoyang'ana m'mbuyo n'kumati, "Atsala mwezi umodzi kuti akhwime." Simunabwererekonso. Wa Tiyamike mchombo tinalephera kuuchitira chimodzimodzi, tinali pa esiteti yachitatu kaya yachinayi, osadziwa kuti chaka chamawa tigona kuti, ndipo ndikukumbuka kuti munaswera tsiku lonse osalankhula. Ngakhale muli gone m'masiku anu omaliza munandifunsa kawiri konse kuti, "Kodi mtengo uja ungakhale ulipo?" Tsono poti lero tili ndi dothi lathulathu, ndinalumbira kuti mchombo wa Enelesi sulowa pansi popanda nthangala ya mtengo umenewo. Osati ya peyala la pamsika. Ya lanu.

Mwayi unabwera wokha. Gulu lathu la amayi a kutchalitchi limakhala ndi ulendo chaka chilichonse tikatha kukolola, ndipo wapampando wathu, mayi Nachisale, anamva kuti nyumba yakale ya mzungu ija anaikonza, masiku ano anthu amalipira pageti n'kulowa kukaona zipinda ndi maluwa. Atatchula malowo sindinaonetse kuti ndikuwadziwa. Ndiulule, amayi: zaka zonsezi ku Malomo sindinauzepo munthu kuti ndine mwana wa tenanti. Amandidziwa ngati amake Tiyamike ogulitsa tomato, ochokera kummwera, basi. Mukudziwa nokha mmene anthu amatchulira liwu limeneli, tenanti, ngati akutchula matenda. Ndiye ndinati ndipita nawo, ndikatola peyala limodzi mwakachetechete, ndibwerera, palibe adziwe.

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, amayi khumi ndi asanu ndi atatu m'minibasi imodzi, tonse m'zitenje zofanana, ine nditavala nsapato zatsopano zimene anandigulira Tiyamike. Tinaimba mpaka mawu kusasa. Msewu wokwera kumeneko sunasinthe, fumbi lake lofiira lomwe lija, mphepo yake yolowa m'mafupa yomwe ija. Zigafa zokha ndiye kulibe. Paja panali mzere wa zigafa, pomwe munkasoka fodya mpaka zala kuda bii, pano apasandutsa poimika magalimoto. Pageti anatimanga timapepala pamkono ngati makanda a kuchipatala, kuti tizidziwika kuti talipira.

Nyumbayo ndiye ilipo ndithu, yoyera kuposa kale, ndi nsanamira zake zija ndi masitepe otakasuka okwera pakhonde. Anzanga anangoti kukamwa yasa. Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino. Anzanga onse analunjika pamasitepe. Ine sindikudziwa chinachitika n'chiyani. Ndinangozindikira ndili kuseri, ndadutsa kale pathanki yamadzi, ndaima pakhomo la kukhitchini, nsapato zili m'manja. M'manja, amayi! Sindikukumbuka n'komwe pamene ndinawerama kuzivula. Bambo wina wovala chipewa choyera anasuzumira n'kundifunsa kuti, "Mwabwera ndi chiyani mayi, mazira? Lero sitigula."

Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu, gogo wa mwana, kapepala kolipirira kali pamkono, ndazungulira kuseri popanda wondituma. Ndi ntchito yanu imeneyo. Ndinu munkandikoka khutu tikamabweretsa zochapa: "Malita, patapata m'manja, maso pansi, kumaso si kwathu." Ndikudziwa kuti munkaopa kuti atichotsa, ndikudziwa kuti munkateteza pakamwa pathu. Koma munazilowetsa mozama kwambiri, moti mzungu anapita kalekale, inunso munapita, koma miyendo yanga ikadamverabe. Pa chimenechi ndakukwiyirani, ndipo sindibisa. Mayi Nachisale atandipeza n'kufunsa kuti, "Amake Tiyamike, mwasochera?" ndinanama kuti nsapato zikundithina, ndimafuna povulira.

Ndinazivalanso n'kukalowera kumaso, koyamba chibadwire. Wotionetsa malo anali mtsikana waulemu wake, msinkhu wa Tiyamike, woloweza mawu ake ngati vesi la Sande sukulu. Anatiyendetsa chipinda ndi chipinda, paliponse atamangapo chingwe kuti tisakhudze kanthu. Tinaona limba la Dona, bafa lokhala ndi miyendo, mitu ya njati ndi agwape pakhoma, bedi lotha kugona banja lonse la a Dayisoni n'kutsala malo. Pansi pa matabwa paja pakuwalabe, ndipo mtsikanayo anati n'chifukwa chakuti matabwa ake ndi a mlombwa weniweni. Mlombwa! Ine ndimaona maondo anu, aja anada n'kuuma chifukwa chokwawa ndi polishi Lachisanu lililonse.

M'chipinda china, patebulo, aikapo nsimbi yanu yamakala ija, ya katambala pamwamba. Aipaka penti yakuda n'kuikamo maluwa ouma. Mtsikana uja anati, "Dona anali mayi waukhondo kwambiri. Nsalu zawo za patebulo zinkayera mbee, zopanda khwinya ngakhale limodzi." Mayi wina kumbuyo kwanga anavomereza, "Azungu paukhondo ndiye ayi ndithu." Ine ndimaganiza za chipsera chija cha padzanja lanu lamanja, chimene nsimbi imeneyo inakusiyirani, chimene munapita nacho kumanda. Nyumba yonse ija, amayi, muli dzina la hatchi ya bwana, muli dzina la galu wa Dona pansi pa chithunzi chake, koma dzina la wantchito ngakhale mmodzi mulibe. Kodi nsalu zinkadzichapa zokha? Ndinati, Malita, wabwerera peyala, usayambitse zina.

Titatulukira kumaluwa ndinasokonezeka. Mpanda waminga uja, wobisa komboni kuti alendo a bwana asamatione, anauzula. Komboniyo yomwe kulibe. Tinyumba tonse tija, chitsime, pabwalo pomwe tinkasewera phada, zonse ndi kapinga wometedwa bwino, timipando ta chitsulo, ndi kadziwe ka nsomba zofiira zimene akuti sadya, n'zongoona. Ndikanasochera pakanapanda mtengo wanu. Ulipo, amayi. Ndikuyankha funso lanu lija mochedwa, koma ulipo. Waima wokha pakati pa kapinga, thunthu lake munthu mmodzi sangalikumbatire, nthambi zili lende ndi mapeyala aja a khosi lalitali. Ndinadziwa pomwe panali chitseko chathu, pomwe munkaika mtondo, pomwe bambo ankakhala akamamata chubu cha njinga.

Patsinde akhomapo chikwangwani cha Chingerezi, ndipo mtsikana uja anatimasulira. "Mtengo uwu anaudzala Dona ndi manja awo atangofika kumene kuno. Mbewu yake inachokera kutsidya kwa nyanja, pa sitima yapamadzi." Anatchula ndi chaka chomwe. Ndinawerengera chamumtima. Mtengo uja ndi ine ndife a chaka chimodzi, ndiye ngati chikwangwanicho chikunena zoona, ine ndatsala pang'ono kukwanitsa zaka zana. Lole ya matenanti yochokera ku Mulanje yasanduka sitima yapamadzi! Dona, amene sankadzinyamulira ngakhale ambulera, wagwira khasu! Ndipo chondiwawa kwambiri n'chakuti si mzungu analemba bodzali, iye anakafera kwawo. Ndi anthu athu omwe, eni ake atsopano, amene anaona kuti mtengo wodzala mkazi wa tenanti sungakope alendo.

Kenako ndinaona penti yofiira pathunthu, chimtanda chachikulu. Ndinafunsa tanthauzo lake. Mtsikanayo anayankha mosangalala kuti, "Pano pabwera dziwe losambiramo alendo. Mtengowu udulidwa mvula isanayambe, matabwa ake apangira matebulo a pakhonde. Mwachita mwayi kuti mwauona."

Anzanga atalowera kokaona nsomba, ine ndinatsalira. Sindinathyole, amayi, Mulungu ndi mboni. Ndinatola lomwe linagwa lokha pakapinga, limodzi, mbali ina mbalame itajompha kale. Lamulo lanu pakhomo paja linali lakuti za mumtengo azipempha, zogwa pansi aliyense atole. Ndinaligwedeza pakhutu, nthangala n'kumveka ikugwedera m'kati monga ankachitira mapeyala anu akakhwima. Ndinaliponya m'chikwama.

Wezulo inalira. Mlonda anatulukira kuseri kwa maluwa akuthamanga ngati waona wakuba ng'ombe. "Mayi! Tsegulani chikwamacho!" Anakhuthulira zonse pakapinga, anzanga onse akuona, ndi alendo ena ochokera m'tauni atatukula mafoni awo. Buku lanyimbo, mbatata zanga zophika, mpango, ndi peyala lija likugubuduzika. Mayi Nachisale anagwira pakamwa. "Amake Tiyamike! Peyala lenileni? Ku Malomo anatha kodi? Tavala zitenje za tchalitchi, mwatiyalutsatu."

Anaitana manijala, bambo wa suti, wosafika zaka makumi anayi, wonunkhira bwino. Analankhula mofatsa, kufatsa kuja kopweteka kuposa kukalipa. "Mayi, chilichonse cha muno ndi katundu wa nyumbayi. Aliyense atati azitola, mutsala chiyani?"

Pamenepo chinthu chija ndinachibisa zaka zonsezi chinatuluka chokha. Ndinaponda pansi ndi nsapato yanga yatsopano. "Apa, pomwe mwaimapo bwana, panali chitseko chathu. Ine ndinabadwira pano. Bambo anga anali tenanti, mayi anga ankachapa m'nyumba iyo. Dzina lawo Enelesi. Mtengo uwu anadzala ndi iwowo, ndipo pansi pake pali mchombo wanga. Chikwangwani chanucho n'chabodza."

Maso a anzanga ndinkachita kuwamva pamsana. Manijala anamwetulira. "Mayi, aliyense wobwera kuno amakhala ndi agogo ake amene anagwirako ntchito. Muli ndi chikalata chilichonse? Kaya chithunzi?"

"Matenanti ankawajambula ndani? Kumbani pamenepo, umboni muupeza."

Ndinamuuza za Enelesi wamng'ono, za kachitini ka singano, ndi kuti sindikufuna kudya peyala lake, ndikufuna nthangala yokha. Sindikudziwa ngati zinamukhudza kapena anangoopa mafoni aja. Anauza mlonda kuti achoke nalo peyala lija, kenako anatsitsa mawu. "Chabwino, tisakangane. Zipatso zimenezi zimapita kukhitchini, timagulitsa pakhonde. Nthangala zake timataya kudzala. Zungulirani kuseriko, mukanene kuti ndakutumani ndine, mukasankhe zimene mukufuna. Zaulere."

Amayi, ndinene zoona, miyendo yanga inali itayamba kale kutembenuka. Njira yakuseri imaidziwa. Ndipo ndikudziwa chimene mukanandinong'oneza mukanakhala pambali panga: "Landira, thokoza, tizipita." Mukanagwada n'kuwomba m'manja. Ndikanamvera, bwenzi nkhani itathera pomwepo, nthangala ili m'manja, palibe wotaya nthawi. Koma ndinaganiza kuti tsiku lina Enelesi adzandifunsa kumene mtengo wake unachokera. Ndidzati chiyani? Kuti ndinakafukula kudzala la anthu, pakati pa zikamba za mazira ndi ntchentche, atandichitira chifundo? Mbewu imene agogo anakupatsani m'manja?

Ndinati, "Kuseri ndapitako kale m'mawa uno. Kwakwana."

Ndinatola buku langa ndi mbatata zanga, ndinadutsa kapinga yense uja, n'kukwera masitepe mosafulumira, nsapato zikulira kho, kho, kho. Ndinakhala pampando wansungwi wa pakona, pomwe Dona ankakhala akamamwa tiyi n'kumakuitanani ndi kabelu. Mayi wina wogwira ntchito pakhondepo anabwera ndi pepala la zakudya. Sindinaliyang'ane. Ndinati, "Peyala. La mumtengo uwo."

Anabwera ndi chimbale chachikulu, pakati pake pali tizidutswa tisanu topyapyala atatiyala mokongola, ndi kandimu pambali. Ndinakankha mbaleyo. "Ndati peyala. Lathunthu, losasenda, losadula, ndi mpeni."

"Mayi, kuno sitipereka choncho."

"Ndiye muyamba lero. Kulipira ndilipira. Kwathu munthu akagula peyala amagula ndi nthangala yomwe."

Anachoka, kunabwera manijala, analankhula Chingerezi chake, ine ndinangoyang'ana kumapiri. Kuchokera pakhonde paja, amayi, amaoneka mapiri onse mpaka kutali, ena obiriwira, ena ngati utsi. Zaka khumi ndi ziwiri tinakhala pamalo paja osadziwa kuti kumaso kumaoneka choncho, ndipo inu munakolopa khonde limenelo maso ali pansi. Zimenezi zinandiwonjezera ukali. Dalaivala wathu anayamba kuliza hutala kugeti. Ndinati chamumtima, aliza mpaka batire ithe.

Kenako mpando wa pambali panga unalira. Kucheuka, ndi mayi Nachisale, akhala pansi, chikwama pamiyendo, nkhope ili gwa, osandiyang'ana. Anati, "Inenso peyala. Lathunthu." Atatero anapendekera pang'ono kwa ine n'kunong'ona, "Bambo anga analima fodya wa eni ake zaka zisanu ndi zinayi ku Kasungu. Musauze munthu." Ndauza inu nokha, poti kumeneko simungakafikitse ku Malomo.

Anabweranso ena atatu n'kukoka mipando. Otsalawo anakhala pamasitepe, n'kumasula mbatata ndi chinangwa chawo, kuyamba kudya pomwepo, moti alendo a m'tauni aja anasowa podutsa. Sipanatenge nthawi. Mapeyala asanu anatulukira pakhomo lakumaso, pa thireyi yonyezimira, atanyamula mayi wapakhonde uja. Poika langa patsogolo panga anapinda bondo pang'ono, akubisa kumwetulira. Manijala anaima pachitseko akuyang'ana wotchi.

Ndinalicheka ndekha. Lachikasu, lopanda ulusi, kafungo kake komwe kaja. Nditaika pakamwa ndinakuonani mukufukula mapeyala m'dengu la madeya momwe munkawavundika, mukutigawira ine ndi a Dayisoni ndi supuni imodzi, inu n'kumanama kuti mwadya kale. Ndinalira, amayi, pakhonde la Dona, misozi ikugwera m'mbale ya eni ake, ndipo sindinapukute. Ndinadya lonse mpaka kukokota khoko. Ndinalipira, ndinakulunga nthangala m'mpango wanga, n'kutsika masitepe omwe aja. Pageti ndinakumana ndi mtsikana wotionetsa malo uja. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Mwanawe, ukamaonetsa anthu nsimbi ija, mwini wake anali Enelesi." Anangoti, "Ndamva, amayi." Kaya adzanena, kaya adzamuletsa, sindikudziwa.

Pobwerera sitinaimbe. Titatsika phiri ndinamva wina akundikodola paphewa. Nthangala zina zinayi zinabwera kuchokera kumipando yakumbuyo, dzanja ndi dzanja.

Musaganize kuti mtima wanga waphwa. Chikwangwani chija chikadali pomwepo, chikunamiza anthu amene alipira kuti anamizidwe. Mvula isanagwe adzabwera ndi macheka, mtengo wanu udzasanduka matebulo oikapo tiyi, ndipo pomwe pali mchombo wanga padzakhala madzi osambira anthu osandidziwa. Munkafuna kuti ndisadzasowe poloza. Chaka chamawa ndidzaloza dziwe.

Koma Lolemba m'mawa ndinatenga khasu. Ndinakumba pakhomo pa nyumba yathu, kumaso, osati kuseri, moti Tiyamike anadandaula kuti mizu idzang'amba khonde. Ndinati idzang'ambe, tidzamanga lina. Ndinatsegula kachitini kanu, ndinaika mchombo wa Enelesi pansi, dothi pang'ono, nthangala pamwamba, kosongoka kutaloza kumwamba monga munandiphunzitsira. Tiyamike anaima pambali mwana ali m'manja, ndipo ndinamuuza zonse, ngakhale za nsapato zija. Ndatchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi yanu. Zitatu ndadzala m'zitini, kuopa kuti ina ingakane. Yachisanu ndikubweretserani Loweruka likubwerali, ndapempha kale kwa eni manda, ndidzaidzala kumutu kwanu kuti musamafunsenso ngati ulipo.

Ndikukulonjezani kuti mtengo wa pakhomowu ndidzauthirira ndi madzi otsukira mbale mpaka udzabereke, ndipo zogwa pansi aliyense adzatola. Enelesi akadzakula ndidzamuuza nkhani yanu yonse, ya lole, ya nsimbi, ya chipsera, ndipo liwu lakuti tenanti ndidzalitchula mokweza, aneba amve. Zonse zimene munandiphunzitsa ndidzamuphunzitsa, kupatula chimodzi chokha, ndipo mundikhululukire. Mwana ameneyu nsapato zake zidzakhala kuphazi.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale lero ndakukalipirani,

Malita